Simbi Yozizira

Tamanda ndi Limbani, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndimasunga simbi yakale ya makala pamwamba pa kabati, chikhalirecho m'nyumba muno muli magetsi. Tsopano poti manja anga akana ntchito ndipo ndakhala pansi, ndaganiza zolemba yankho lake m'kope muno. Za ubwana wanga ku Dedza sindilemba. Mukudziwa kale kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho pomwe ndaphonya kalembedwe mudzakonze nokha mumtima.

1996

Tinafika ku Chintheche mwezi wa Meyi, iwe Tamanda uli kumbuyo. Bambo anu anali atapeza ntchito ya ulonda pa loji ina kufupi ndi Bandawe, ndipo atamva kuti kochapira zovala kukufunika munthu ananditengera komweko. Masiku amenewo aliyense ankakamba za ufulu. M'basi, pamsika, pa wailesi, anthu ankafuula zinthu zomwe kale ankanong'ona. Ine ufulu umenewo sunandifike. Ndinali wamanyazi kwambiri, moti munthu akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakuphazi. Kuwonjezera apo Chitonga sindinkachimva, Chingerezi ndiye ayi ndithu.

Amene anatilandira anali a Msiska, bambo ataliatali a ku Rumphi, oyang'anira onse okonza m'zipinda ndi ochapa. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anafunsa bambo anu, "Kodi mayiwa amalankhula?" Bambo anu anati, "Amalankhula ndi manja, bwana." A Msiska anaseka. "Ndiye tikufuna otere. Olankhula ndi pakamwa tili nawo kale ambiri."

Ananditengera kuseri kwa khitchini, ku kanyumba ka malata komwe kunali kochapira. Kumeneko ndinapeza mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu, akukupiza moto m'simbi. Ameneyo anali NyaMhone, wamasiye wa m'mudzi wa pafupi, amene ankalera adzukulu atatu. Anali wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo lomwe kwathu timati Chigwirizano. Anandifunsa mfunda wanga m'Chichewa chake chopindika. Ndinati, "Naphiri." Iye anati, "Kuno kulibe Naphiri. Ndiwe Nyaphiri." Ndipo ndi dzina lomwe mwakula mukulimva.

Tsiku lomwelo anandiphunzitsa chinthu chomwe chinagwira moyo wanga wonse. Ndinali nditasita shati ya mlendo bwinobwino, ndikuyembekeza kuti anditama. Anaitembenuza, nandionetsa msoko wamkati. "Ukuganiza kuti timasita kuti azungu aoneke bwino? Cha, ayi! Timasita kuti tiphe." Anandifotokozera kuti kuno kuli ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa zovala zonyowa zikakhala pachingwe, makamaka nyengo ya mvula ndi mango. Mazirawo saoneka. Munthu akavala, timphutsi timalowa pakhungu n'kumakulira momwemo ngati zithupsa. Chomwe chimapha mazirawo ndi moto wa simbi basi. Choncho chilichonse tinkasita, ngakhale sokosi ndi zamkati, kunja ndi mkati, ndipo pamsoko tinkaimitsa simbi pang'ono. "Ndipo imva, Nyaphiri," anatero, "chovala chikapindidwa bwino palibe angadziwe ngati chinalawa moto kapena ayi. Amadziwa ndi iwe ndi Chiuta."

M'mawa uliwonse asanayatse makala ankapemphera, mokweza ngati akulankhula ndi munthu amene waima pakhomo. Ine ndinkatsinzina mwaulemu chabe. Ndinabatizidwa ndili mwana, kutchalitchi ndinkapita, koma Mulungu ndinkamuona ngati bwana wina woti ndizimuzemba asandifunse funso.

1998 mpaka 2000

Iwe Limbani unabadwa mu 1998. Chaka chomwecho bambo anu anapita ku Joni ndi anzawo. Makalata anabwera awiri, kenaka zii. Sindilemba zambiri za iwo, ndi bambo anu ndithu. Chomwe ndikufuna mumvetse n'chakuti kuyambira pamenepo kachipinda kathu ka kuseri kwa loji tinkakhalamo chifukwa cha ntchito yanga yokha. Ntchito ikanatha, denga nalo likanatha.

Nthawi imeneyo kunabwera mabwana atsopano, mzungu ndi mkazi wake amene tinkangomutchula kuti a Madamu. Sanali ankhanza. Ankatipatsa moni ndi kuyesa kunena "yewo", koma ankaopa tizilombo kwambiri, ngakhale nyerere. Mu 2000 anabereka mwana wamkazi, ndipo antchito tinamutcha Kadona. A Madamu analamula kuti matewera ndi tizovala ta Kadona azigwira NyaMhone yekha, chifukwa ankamukhulupirira. Zosowa zinali zambiri zaka zimenezo. Magetsi ankazima masiku angapo, sopo ankatha, ndipo mvula ikalimbika makala ankabwera onyowa kapena osabwera n'komwe. A Msiska ankatigawira makala pa chitini m'mawa, nkutichenjeza kuti si ositira zovala zathu. Komabe tonse tinkadziwa kuti tsiku la Umanyano NyaMhone ankasita bulauzi yake yoyera ndi duku pa moto womwewo, ndipo tinkangoyang'ana kumbali.

Januwale 2001

Linali tsiku la Umanyano, mvula itagwa masiku anayi. NyaMhone anasita zoyera zake m'mawa, ndipo nthawi ya masana, atachedwa kale, anandisiyira dengu la zovala za Kadona zomwe zinali zitangouma. "Nyaphiri, unditsirizireko izi. Moto ukhale waukali." Ndinati, "Chabwino, ama." Bulauzi ina yomwe sanavale anaisiya pa msomali kuseri kwa chitseko.

Atangochoka, moto wa m'simbi unazima. Makala otsala anali onyowa, ndinauzira mpaka maso kufiira koma ankangofuka. Ndipo iwe Limbani unali utagona pamphasa pakona, thupi lili moto, ukupuma mofulumira. Ndinadziwa kuti ndikadikira makalawo ndikapeza kuchipatala atatseka zenera la mankhwala. Njira yolunjika inalipo. Ndikanapita kwa a Msiska n'kunena kuti mwana wanga wadwala, zovala zidikire mawa. Koma kuti ndikaime pamaso pa bwana n'kutsegula pakamwa, zinandikulira kuposa china chilichonse. Choncho ndinawaza timadzi pa matewera aja, ndinatenga simbi yozizira, ndinakanikiza ndi mphamvu zanga zonse mpaka makwinya anatha. Ndinapinda mwaudongo, ndinakapereka dengu kunyumba kwa a Madamu, ndinakubereka n'kuthamanga. Anali malungo. Unachira.

Patapita masiku ngati khumi, tinamva kulira kunyumba kwa bwana. Kadona anali ndi zotupa kumsana ndi m'matako, ndipo atapaka mafuta pa chimodzi, kamphutsi kanatulutsa mutu. A Madamu anakuwa moti alendo anatuluka m'zipinda. A Msiska anabwera kochapira nkhope itagwa, ndipo chinthu choyamba kuona chinali bulauzi yoyera pa msomali paja.

"Ama NyaMhone, ichi n'chiyani?"

"Ndi bulauzi yanga, ada."

"Munasitira makala a ndani?"

"A loji."

"Ndiye makala a mwana munasitira za kutchalitchi, za mwana n'kungopinda?"

NyaMhone anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane mwaukali, anangondiyang'ana ngati munthu amene wagogoda ndipo akudikira kuti umutsegulire. Ine ndinayang'ana zala zakuphazi. Tsiku lomwelo anamuchotsa ntchito, ndipo dengu la Kadona analipereka kwa ine.

Febuluwale 2001

Ana anga, ndinali ndi denga, ndinali ndi ntchito, inu munkadya. Koma sindinadziwe kuti munthu angathe kukhala m'ndende akuyenda panja. Aliyense akanditchula dzina mtima unkadumpha. Ndinkasita zovala za Kadona katatukatatu mpaka zina zinapserera, ngati kuti moto wa lero ungabwerere kukapha mazira a tsiku lija.

Choipa kwambiri ndinachiona kutchalitchi. Nkhani inali itafika kwa akulu a mpingo kuti mayi wa Umanyano wachotsedwa ntchito chifukwa chotenga makala ndi kudwalitsa mwana wa eni. Anamuuza kuti ayambe wavula yunifomu mpaka nkhaniyo itakambidwa. Lamulungu la Mgonero, amayi a Umanyano anakhala kutsogolo atayera mbee, ndipo NyaMhone, amene kale ankayambitsa nyimbo, anali pa benchi ya kumbuyo atafunda chitenje chakuda. Sanaimbe. Chikho chitafika pa ine, manja anakana. Ndinachipatsira wotsatira.

Mawa lake ndinafika kochapira m'mawa, ndekhandekha. Ndinatenga machesi kuti ndiyatse makala, ndiye ndinakumbukira kuti pa nthawi ngati imeneyi m'pamene NyaMhone ankapemphera. Ndinagwada pa simenti. Mawu okongola ndinalibe. Ndinangoti, "Ambuye, ndine. Ndinasita ndi simbi yozizira. Ndikuopa." Sindinamve liwu lililonse, ndisakunamizeni. Koma ndili chigwadire ndinazindikira chinthu chimodzi. Ndinkaopa a Madamu, a Msiska, akulu a mpingo, anthu onse amene sankadziwa. Koma Iye amene ankadziwa zonse kuyambira tsiku lija, amene anaona dzanja langa likuwaza madzi aja, sanandithamangitse. Anachiritsa mwana wanga sabata yomweyo imene ndinachimwa. Anali atandidikira masiku onsewo. Ndinaona kuti Yesu sanafere anthu oyera ngati bulauzi, anafera anthu opinda bwino kunja ngati ine. Ndinadzuka mumtima muli bata lomwe ndinali ndisanalimvepo chibadwire.

Ndinapita kwa a Msiska n'kuwauza zonse. Anatseka chitseko cha ofesi. "Make Tamanda, nkhani ija inatha. Mwana anachira. Kodi mukufuna muzikagona kuti ndi ana awiriwa?"

"Sindikudziwa, bwana. Koma mundiperekeze kwa a Madamu. Chingerezi sindidziwa."

Tinawapeza pakhonde, Kadona ali pamiyendo, tizipsera tikuonekabe. Ndinalankhula m'Chichewa, mawu akutuluka pang'onopang'ono, ndipo a Msiska anayamba kumasulira. Ine Chingerezi sindimva, koma zaka zisanu pa loji zinandiphunzitsa mawu angapo. Ndinamva "sole", ndinamva "bebi", ndinamvanso "sole". Koma "ayironi", dzina la simbi, sindinamve, ndipo dzina la NyaMhone silinatchulidwe. A Madamu anamwetulira, anandisisita dzanja, nanena kuti ndine mayi wabwino. Pamenepo ndinadziwa kuti a Msiska, pondimvera chisoni, angonena kuti ndabwera kudzapepesa za kudwala kwa mwana.

"Tiyeni, mayi," anatero a Msiska chapansipansi. "Mwanena. Mulungu wamva."

Kunena zoona, mwendo umodzi unali utatembenuka kale. Ndinali nditalankhula, mlandu wa kumasulira sunali wanga. Koma ndinaona m'maganizo benchi ya kumbuyo ija. Mulungu anali atamva kalekale. Amene ankafunika kumva anali mayi uyu. Ndinathamangira kochapira, ndinatenga simbi yomwe ndinali ndisanaiyatse, ndinabwerera nayo pakhonde. Ndinaiika pa tsaya langa kuti aone kuti ndi yozizira. Kenaka ndinatenga thewera lomwe linali pampando, ndinaliyala patebulo, ndinayendetsa simbi ija pamwamba pake, ndinalipinda. Ndinadzimenya pachifuwa n'kunena zilankhulo zonse zomwe ndinali nazo nthawi imodzi: "Mi! No faya! NyaMhone cha! Ine!"

Kumwetulira kwa a Madamu kunazima. Anayang'ana a Msiska, ndipo a Msiska anavula chipewa n'kumasulira zonse, mawu ndi mawu. A Madamu analira, anakalipa, anamukumbatira mwana wawo ngati ndikufuna kumulanda. Sindiwaimba mlandu, nanenso ndikanatero. Anandiuza kuti ntchito yatha ndipo kachipinda ndikatulukemo pofika Loweruka.

Ndinatuluka pageti ndilibe ntchito, ndilibe kolowera. Koma ndikukuuzani, ana anga, ndinayenda mutu uli chilili, ndipo ndinapereka moni kwa aliyense amene ndinakumana naye panjira. Ufulu womwe anthu ankaimba mu 1994 ine unandipeza tsiku limenelo.

Kwa NyaMhone

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake akusenda chinangwa choviika. Sanaimirire. Ndinagwada patali pang'ono n'kunena zonse, kachitatu tsiku limenelo.

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija," anatero osasiya kusenda. "Dengu ndinasiyira iwe, ndipo ndinaliona. Ine thewera ndimapinda patatu. Iwe umapinda pawiri."

"Nanga bwanji simunanene, ama?"

"Za makala ndinavomera chifukwa ndinatengadi. Limenelo ndi tchimo langa. Lako linali lako, ndikanakunenera bwanji? Ndiponso ine ndili ndi munda. Iwe uli ndi chiyani?" Anaponya chinangwa m'beseni mwamphamvu. "Koma usandiyese mngelo, Nyaphiri. Milungu itatu ndakhala ndikutchula dzina lako kwa Chiuta, ndipo sabata yoyamba mawu ake sanali abwino. Ndinamuuza kuti akuthyole dzanja. Sabata yachiwiri ndinati, chabwino, dzanja musiyeni, mutsegule pakamwa pokha."

Ndinayamba kulira. Iye anati, "Leka zimenezo, sunamalize. Kwatsala akulu a mpingo. Ndipo kumeneko kulibe Msiska wokumasulira." Kenaka anandikankhira mpeni. "Senda. Ukhala pano ngati mlendo?"

Loweruka lotsatira ndinaima pamaso pa akulu a mpingo, abambo ndi amayi odzaza chipinda, ine amene ndinkalephera kutchula dzina langa. Ndinalankhula m'Chichewa ndipo onse anamva. NyaMhone anadzudzulidwa za makala, anavomera, ndipo yunifomu anamubwezera. Ine anandiimika Mgonero miyezi ingapo, ndipo ndinaona kuti n'koyenera. Ku loji NyaMhone anamuitananso. Ife atatu tinalowa m'kanyumba kake kophikira, ndipo m'menemo ndi momwe tinadutsira njala ya 2002, tikudya chinangwa cha m'munda mwa munthu amene ndinamulakwira. Iwe Tamanda uyenera kuti ukukumbukira utsi wa m'kanyumba kaja.

2002 mpaka 2022

Ntchito yachiwiri anandipezera a Msiska omwewo, pa loji ina ku Kande. Ndinamva pambuyo pake zomwe anakauza bwana wa kumeneko: "Mayiyu amalankhula kamodzi pa zaka zisanu, koma akalankhula muzilemba." Ndinagwira kumeneko zaka makumi awiri, ndipo zaka khumi zomaliza ndinali woyang'anira kochapira. Mabwana anasintha kanayi, wina wabwino, wina waukali, wina woiwala mayina athu. Kunabwera makina ochapira ndi simbi za magetsi, ngakhale magetsiwo ankazimabe. Manyazi sanandithere, mpaka lero pagulu ndimakhala kumbuyo. Koma mantha aja anatha. Sopo akatha ndinkapita kukanena. Wantchito akalakwa ndinkamuitanira pambali, ndipo ndisanamufunse kanthu ndinkayamba ndamuuza nkhani ya simbi yozizira. Ambiri ankaulula ndisanamalize. Ndinazindikira kuti ntchito yanga sinali yonyozeka. Anthu ochokera kutali ankagona pa nsalu zomwe ndinasita osadziwa dzina langa, ndipo ankadzuka khungu lili bwino. Ndinkasitira Iye amene amaona msoko wamkati. Mu 2005 nanenso ndinavala zoyera za Umanyano, ndipo amene anandimanga duku anali NyaMhone.

Anamwalira mu 2014. Simbi ija anali ataipempha ku loji pamene ankataya zakale, ndipo inali m'nyumba mwake. Mayi wa Umanyano amaikidwa atavala yunifomu, choncho m'mawa wa tsiku la maliro abale ake anandipatsa bulauzi ndi duku kuti ndikonze. Kunali mvula, makala onyowa, anthu akufulumira. Mdzukulu wake wamkulu, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, anandipeza ndikuuzira moto. Anati, "Ama Nyaphiri, ingokanikizani choncho, nthawi yatha. Agogo sakuonanso, ndipo kumene akupita mphutsi za pachingwe si nkhani."

Ndinati, "Adikire."

Abusa anadikira, oimba anadikira, bokosi linadikira. Ndinasita kunja, ndinasita mkati, ndinaimitsa simbi pa msoko uliwonse. Duku ndinalipinda patatu.

Simbiyo ndi imene ili pa kabatiyo. Musaigulitse kwa ogula zitsulo. Yunifomu yanga ili m'sutikesi ya buluu, pansi pa bedi. Tsiku langa likadzafika, kaya magetsi adzakhalapo, kaya anthu adzakhala akufulumira, mudzatsitse simbiyo. Mudzayatse makala, ndipo mudzadikire mpaka itenthe.